Nyumba ya m'Chithunzi ndi Nyumba ya pa Nthaka

Ife a kuno ku Kasungu sitifunsa tanthauzo la mawu akuti okushoni, pakuti ngakhale kamwana kongoyamba kumene sukulu kadziwa kuti ndiko kumene amapita mabelo a atate ake, ndi kuti kumeneko n'kumene kumachokera malaya, sopo ndi feteleza wa chaka chinacho. Msika wa fodya wotere udayamba m'dziko muno ku Limbe m'chaka cha 1938, ndipo lero ulipo ku Kanengo, ku Mzuzu, ndi pakhomo pathu pompano pa Chinkhoma. Koma mwezi uno tifuna kukusimbirani za msika wina wa okushoni wa kutsidya kwa nyanja, umene katundu wake adali chithunzi chimodzi chopachika pa khoma. Mutchere khutu, pakuti nkhaniyi, ngakhale yachokera kutali, ikathera pa makomo athu.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2011, mu mzinda wa London, nyumba ya malonda yotchedwa Bonhams idaika pa msika zithunzi za amisiri a ku South Africa. Pakati pa izo padali china chojambulidwa ndi munthu wakuda, Gerard Sekoto, chimene dzina lake ndi Yellow Houses, District Six, ndiko kunena kuti nyumba zachikasu za ku District Six, dera lina la mzinda wa Cape Town. Nyumbazo sizidali za mafumu kapena za akuluakulu a boma ayi. Zidali nyumba za anthu wamba, ogwira ntchito za manja, zimene olemera a masiku aja sakadaima n'komwe kuti aziyang'ane. Tsono malonda atatha, wogula adalipira mapaundi opitirira 600,000, ndalama zimene pa nthawi ija zidali pafupi ndi madola miliyoni imodzi.

Tiyeni tiwerenge monga tiwerengera kwathu kuno. Tinene kuti mlimi wagulitsa fodya wake pa madola 2 pa kilogalamu, ndipo belo lake lilemera makilogalamu 100. Ndiye kuti belo limodzi lampatsa madola 200, asanachotse ngongole, zoyendera ndi misonkho. Kuti afike pa mtengo wa chithunzi chija ayenera kujeka mabelo pafupifupi 5,000. Ndipo inu alimi mukumbukira kuti chaka chomwecho cha 2011 chidali chowawa pa misika yathu, pamene mitengo idatsika ndipo mabelo ambiri adabwezedwa osagulidwa. Chaka chimodzi, misika iwiri: ku London anthu adalimbirana nyumba ya mmphawi yojambulidwa, kuno mmphawi weniweni adalephera kugula malata ngakhale awiri.

Kodi Sekoto ameneyu adali yani? Adabadwa m'chaka cha 1913 pa mishoni ya Chilutera ya Botshabelo, mwana wa mphunzitsi, ndipo iyenso adaphunzira zauphunzitsi nayamba kuphunzitsa ana. Koma dzanja lake lidali ndi mphatso ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adasiya choko napita ku Joni, nakakhala ku Sophiatown, kumene adaphunzira kujambula ndi penti wa mafuta. Penti ameneyu ndi ufa wa mitundu wosakanizidwa ndi mafuta a njere za mbewu. Amapakidwa ndi burashi pa nsalu yokungidwa kapena pa thabwa, amachedwa kuuma, koma akauma akhoza kukhala zaka mazana osafwifwa. M'chaka cha 1940 nyumba yosungiramo zithunzi ya mzinda wa Johannesburg idagula chithunzi chake cha msewu wina wa ku Sophiatown, ndipo chimenecho ndicho chidali choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumbayo. M'chaka cha 1942 adasamukira ku District Six, mu 1945 ku Eastwood pafupi ndi Pretoria, ndipo mu 1947 adakwera chombo kunka ku Paris. Kumeneko adadya za kuimba piyano m'nyumba zomwera usiku, nasauka, nadwala, ndipo adamwalira m'chaka cha 1993 m'nyumba yosungiramo amisiri okalamba, osapondanso dziko la kwawo. Ife tikadati adali mtchona. Pa ndalama za mu 2011 zija sadaonepo ngakhale kobiri, popeza adali atagona m'manda zaka 18.

Nanga n'chifukwa ninji chithunzi chikwera mtengo chotere? Msika wa zithunzi uyenda motere. Mwini chithunzi achipereka kwa ogulitsa, ndipo akatswiri awo achiyesa kuti aone ngati chilidi cha mmisiri amene atchulidwa, nalondola manja onse amene chidapitamo kuyambira tsiku limene chidatuluka m'nyumba ya wojambula. Kenaka asindikiza buku loonetsa katundu yense ndi mtengo woganizira, napangana ndi mwini wake mtengo wotsikitsitsa umene sangagulitse pansi pake. Pa tsiku la msika ogula apikisana, ena ali m'chipindamo, ena pa lamya, kufikira onse atatopa kutsala mmodzi; pamenepo wogulitsa amenya kanyundo, ndipo wogula awonjeza gawo lina la eni msika. Zambiri mwa izi mlimi wa fodya azizindikira. Kusiyana kwake n'kwakuti fodya amamera chaka ndi chaka, ndipo akachuluka wogula ndiye mfumu. Koma wojambula akafa dzanja lake silijambulanso, zithunzi zake sizichuluka, ndipo ogula ndiwo amagwada. Mtengo wa pa okushoni suyesa thukuta. Uyesa kusowa kwa chinthu ndi kulemera kwa amene achifuna.

Pali chifukwa chinanso, ndipo ndi chomvetsa chisoni. Nyumba zimene Sekoto adajambula kulibenso. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi okwana 2,000 adalowa mu Sophiatown nayamba kusamutsa anthu kunka nawo ku Meadowlands. Nyumba zidagwetsedwa, pamalopo padamangidwa za Azungu, ndipo dzina lidasinthidwa kukhala Triomf, kufikira 2006 pamene dzina lakale lidabwezedwa. District Six idalengezedwa kukhala ya Azungu okha m'chaka cha 1966, ndipo anthu opitirira 60,000 adachotsedwamo; padatsala mizikiti ndi matchalitchi ochepa ataima okha pa bwinja, limodzi la iwo ndi tchalitchi lathu la Katolika la Holy Cross. Eastwood nayonso idaphwasulidwa. Mukumbukira za Naboti ndi munda wake wamphesa umene mfumu Ahabu adausirira. Zomwezo zidachitika kumeneko, koma a Naboti ake adali zikwizikwi. Kotero chithunzi chija ndi mboni. Chinena kuti pano padali anthu, padali makomo, ana ankasewera pano.

Tisayese kuti za ku Joni sizitikhudza. Agogo athu ambiri adanka kumeneko, ena ndi Wenela, ena pansi ndi miyendo yawo. Ngakhale Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, adachoka ali mnyamata nayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, nakafika ku migodi ya pafupi ndi Johannesburg, ndipo sadabwere kudzakhazikika kwawo kufikira 1958. Iye adabwera, ambiri sadabwere. M'midzi mwathu muli mabwinja a nyumba za anthu amene adatseka chitseko nati tibwera ndi njinga chaka chamawa, ndipo chiswe chidadya phaso, mvula idagwetsa makoma, palibe amene adajambulapo kanthu.

Tsono musatimve molakwa, ngati kuti tikunyoza zithunzi kapena ojambula. Luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo Eklezia adaliteteza kuyambira kale. Pamene ena adauka nafuna kuswa zithunzi zonse za m'matchalitchi, msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa chaka cha 787 udagamula kuti ulemu wopatsidwa kwa chithunzi upita kwa iye amene wajambulidwapo. Makolo athunso adali ojambula: ku mapiri a Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO lidawalemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Ku mishoni ya Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo kuchokera kumeneko kwatuluka osema ndi ojambula amene adyetsa mabanja awo ndi manja awo. Ndipo mayi amene azira nyumba yake, nalemba maluwa pa khoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ali mu ntchito yomweyo, ngakhale sadzatchulidwa ku London. Wogula chithunzi cha Sekoto sadachimwe pochigula.

Koma chiphunzitso cha ku Nicaea chija tichigwire bwino, pakuti chili ndi minga. Ngati ulemu wa chithunzi uyenera kupita kwa wojambulidwayo, ndiye kuti munthu amene alemekeza nyumba ya mmphawi ili pa khoma, nanyansidwa ndi mmphawi ali pa khomo, wapotoza zinthu. Nthenda imeneyi ndi yakale. Ku France kudali wojambula wina, Jean-François Millet, amene adajambula mwamuna ndi mkazi, alimi osauka, ataimitsa ntchito m'munda wa mbatata, ataweramitsa mitu kupemphera Angelus pomva belu la tchalitchi. Iye adachigulitsa pa ndalama zochepa, namwalira mu 1875. Koma m'chaka cha 1889 chithunzi chomwecho chidagulidwa pa okushoni pa mafaranki 553,000, ana ake osalandirapo kanthu. Nkhani zotere zidachititsa anthu manyazi, kotero kuti m'chaka cha 1920 dziko la France lidaika lamulo lakuti chithunzi chikagulitsidwanso pa msika, wojambula kapena ana ake azilandirako kagawo. Adazindikira, ngakhale mochedwa, kuti amene dzanja lake lidabala chuma sayenera kuima kunja kwa mpanda pamene ena akugawana.

Apa ndiye tafika kwathu. Yendani m'maesiteti ndi m'minda ya fodya ya m'chigawo chino pa nyengo ya dzinja, ndipo muone ndi maso anu. Mudzaona chigafa chachitali, chofoleredwa bwino, mizati yake yolimba, mikangala itandandalikidwa mwa dongosolo, pakuti mwini munda adziwa kuti fodya akanyowa aola ndipo ku Chinkhoma akambweza. Pambali pa chigafacho mudzaona kamsasa ka udzu, kachitseko ka mapesi, kopanda zenera, mmene agonamo bambo, mayi ndi ana asanu amene adachokera ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Machinga kudzalima fodyayo. Tsamba ligona pouma, mwana agona podontha. Mlendo wodutsa pa galimoto madzulo, dzuwa likupendeka, utsi ukukwera pa kadenga, akhoza kunena kuti ha, kukongola kwake, n'koyenera kujambula! Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wojambula sajambula chifuwa cha mwana, ndipo penti sanunkha chinyezi.

Utenanti timaudziwa mayendedwe ake. Mwini munda apereka nthaka, mbewu, feteleza ndi chimanga cha pa mwezi, zonse pa ngongole. Banja lonse ligwira ntchito kuyambira ku nazale mpaka ku jeke. Pamapeto pake mwini munda ndiye aika mtengo, ndiye agwira sikelo, ndiye asunga buku la ngongole, ndipo kawirikawiri banja litsala lopanda ngakhale ya basi yobwerera kwawo. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito niletsa utenanti, kuti wolima m'munda wa mwini akhale wantchito wolandira malipiro ake. Tithokoze chifukwa cha lamulolo. Koma lamulo lili pa pepala, ndipo pepala silifolera denga. Amene angalisandutse udzu ndi malata ndi ife tomwe, pakuti olemba anthu ntchito ambiri a kuno sakhala ku London. Lamulungu lililonse tigwada nawo pa benchi limodzi, ndipo ena a ife ndife amene.

Eklezia sadakhale chete pa nkhaniyi. Papa Leo XIII, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum ya chaka cha 1891, adaphunzitsa kuti malipiro oyenera ndi amene akwanira kusunga wantchito wodziletsa, kotero kuti akasunga pang'onopang'ono adzathe kukhala ndi kanthu kakekake. Ndipo adati pangano limene munthu walivomera chifukwa cha njala kapena mantha silisanduka lolungama chifukwa chakuti wavomera. Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya nyengo ya Lenti imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, adadandaula za malipiro ochepa a antchito ndi mitengo yochepa yogulira mbewu za alimi. Ndipo ana a katekisimu adziwa kuti kumana wantchito malipiro ake kuli pakati pa machimo aja ofuulira kumwamba, pamodzi ndi kupha mwadala ndi kuzunza amasiye. Munthu wachuma wa m'fanizo la Ambuye sadalangidwe chifukwa cha kukongola kwa nyumba yake, koma chifukwa Lazaro adagona pa chipata chake tsiku ndi tsiku iye osamuona.

Chifukwa chake, inu amene muli ndi antchito m'munda, ngakhale banja limodzi lokha, tikupemphani chinthu chapafupi. Mvula isanagwe, mukalowe nokha m'nyumba imene mwawapatsa, muyang'ane kudenga, ndipo mudzifunse ngati mungalole mwana wanu kugona mmenemo usiku umodzi wa Januwale. Udzu umene mumweta wa chigafa, mumwetenso wa nyumbayo. Chimbudzi chikumbidwe, madzi akumwa akhale pafupi. Malipiro mupangane poyera pamaso pa mboni, alembedwe, ndipo wantchito akhale ndi pepala lake. Ana ake apite ku sukulu pamodzi ndi anu. Tidziwa kuti nanunso muli ndi ngongole za makampani ndi za feteleza, ndi kuti chaka china msika umakugwetsani; koma ngati munda sungathe kufolera nyumba ya woulima, muchepetse munda.

Inunso abambo a mabanja, amene mulima fodya wanuwanu, tili nanu mawu. Ndalama za msika zikatuluka, ena mumasowa pakhomo sabata ziwiri kapena zitatu, mukugona pa boma kapena pa malo ogulitsira mowa, ndipo mubwera ndi wailesi ndi matenda, nyumba ili chidonthere. Mkazi amene adasoka fodya usiku ndi koloboyi, ndi ana amene adatunga madzi a ku nazale, mwawasandutsa matenanti m'nyumba yawoyawo. Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya m'thumba ili pachala. Muigwiritse pansi tsiku lomwelo: muumbe njerwa, mugule malata, ngakhale asanu chaka chino ndi asanu chaka chamawa. Ndipo musanachoke pakhomo kunka kukatapa ndalama, mukhale pansi ndi amayi a kunyumba, mupangane zogula. Nyumba ya mdindo yofoleredwa bwino, yozira bwino, mmene mwamuna ndi mkazi awerengera ndalama pamodzi, ipambana ya njerwa zootcha mmene muli chinsinsi ndi misozi.

Ndipo inu a m'miphakati, kuyambira ku Chiphaso mpaka ku Nkhamenya, muwerenge nyumba za m'dera lanu monga ogulitsa zithunzi awerengera katundu wawo, imodziimodzi, osadumpha. Pali gogo amene ana ake adachona ku Joni. Pali mayi wamasiye amene denga lake lidasasuka ndi mphepo. Pali banja la alendo limene ntchito idawathera ndipo alibe kolowera. Mutu umodzi susenza denga. Anyamata adule mitengo ya phaso ndi kusenda luzi, amayi amwete udzu, tsiku limodzi Loweruka ntchito yatha. Musadikire kuti nyumbayo igwe ndipo mudzasonkhe za bokosi, pakuti anthufe tili ndi chizolowezi cha msika uja wa ku London, chodziwa mtengo wa munthu atapita kale.

Potsiriza, mukaona mwana wanu akujambula pa dothi ndi kamtengo, kapena pa khoma ndi khala, musamkalipire kuti akutaya nthawi. Mumgulire pensulo ndi kope, ndipo mumuuze ajambule nyumba ya agogo ake, nkhokwe, khola ndi mtengo wa pabwalo, alembe chaka pansi pake, ndipo muchisunge m'bokosi pamodzi ndi makalata a ubatizo. Mwina sichidzagulidwa ndi munthu, koma adzukulu adzadziwa kumene adachokera. Sekoto sadadziwe kuti misewu imene ankajambula idzafafanizidwa. Adangojambula anansi ake chifukwa adawaona kuti ndi anthu.

Nyumba ya ku Nazareti, mmene Yezu adakuliramo pansi pa ulamuliro wa Maria ndi Yosefe mmisiri wa matabwa, idali ya anthu osauka a m'mudzi wonyozeka, ndipo pa masiku ake palibe amene adaiyesa kanthu. Amisiri a mitundu yonse akhala akuijambula zaka mazanamazana, koma ulemu wake udachokera kwa Iye amene adagona mmenemo. Ndipo Iye yemweyo adatiuza kuti pa tsiku lomaliza adzatifunsa za mlendo, wanjala ndi wausiwa ngati kuti adali Iye mwini. Mwezi uno, popemphera korona m'mabanja mwanu, mukumbukire onse ogona podontha, ndi machona athu amene ali kutali. Ndipo m'mawa mwake mutenge chikwakwa. Banja Loyera lisunge makomo anu onse.